Khoma la Miyala pa Kamtsinje ka Nolan

A Lorene Tackett anagawa makalata mumsewu wa m'mbali mwa mtsinje wa Corbin mpaka imvi zinakuta mutu wonse, ndipo pa zaka zonsezo palibe anawamvapo akuuyamikira msewuwo. Ankaunyoza m'mawa, ankaunyoza madzulo. Ndi msewu wopapatiza wa m'mapiri a kumpoto kwa California, thanthwe mbali iyi, phompho mbali iyo, mtsinje uli kulira pansi. Koma tsiku limene akuluakulu a positi anawauza kuti nthawi yopuma yakwana, anthu anawapeza ataimika galimoto pamlatho wa Yocum akupukuta m'maso ndi kolala ya malaya. Atafunsidwa anati ndi fumbi.

Pamlatho pamenepo ndi pamene ankadyera nkhomaliro masiku onse a ntchito. Ankatsamira chitsulo, buledi ali m'manja, maso ali pansi padziwe lalikulu lobiriwira, pomwe nsomba za sitiluhedi zinkandandalika chilimwe chonse, mitu yoloza kumtunda, iliyonse kutalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Madzulo akafika kunyumba, amuna awo a Wendell sankafunsa za msewu kapena za msana umene unkawawa. Funso linali limodzi: "Zilipo?" Ndipo a Lorene ankayankha kuti, "Zilipo, zakupatsani moni."

Aliyense wa m'chigwamo amaidziwa nsomba imeneyi monga amadziwira m'bale wake wosakhazikika pakhomo. Imaswedwa m'timitsinje ta m'mapiri, imakhala m'menemo ikadali kanthu kakang'ono, kenaka imatsikira kunyanja ya mchere kukanenepa. Za mu Corbin zimabwerako chipale chikamasungunuka, n'kukhala pansi pa maiwe akuya ndi ozizira, osadya kwenikweni, kudikira mvula. Mvula ikagwa zimakwera m'timitsinje kukakumba nsangalabwi ndi kuikira mazira. Nsomba ya samoni ikaikira, basi, moyo wathera pomwepo. Koma sitiluhedi zina zimatembenuka, zili zowonda, zipsepse zong'ambika, n'kubwerera kunyanja kukayambiranso. A Wendell ankazikonda chifukwa cha mwano umenewo. Ankati ndi nsomba yokana maliro ake, ndipo anasiya kalekale kuzipha. Akakola ndi mbedza ankaiyang'ana pang'ono n'kuibweza m'madzi.

A Lorene sanagwirepo mbedza, koma mtsinjewo ankaudziwa kudzera m'mabokosi a makalata. Kuseri kwa bokosi lofiira la mayi wamasiye wa agalu ambiri kunali dziwe limene nsomba zimayambira kupuma zikamachokera kunyanja. Kumunsi kwa bokosi lokhomedwa pachitsa kunali madzi othamanga pamiyala, kumene tiana take timabisala kudikira tizilombo. Kumtunda, kumene msewu umathera, kunali mathithi amene zolimba mtima zokha zimalumpha. Ankanyamula zonse, mankhwala a nkhalamba, anapiye olira m'katoni, makalata a ana amene anapita kunkhondo, ndipo ponseponse asanatsegule bokosi ankayamba aponya diso kumadzi.

A Wendell anagwira ntchito kocheka matabwa mpaka makina anatsekedwa, kenaka anasanduka wokonza chilichonse cha aliyense, uku akunyoza amene anachikonza poyamba. Kunyoza kunali m'magazi. Khofi wa a Lorene ankati ndi madzi otsukira mbale, koma ankamwa n'kutambasula kapu kupempha wina. A Lorene nawonso pakamwa sipanali pa mwana, choncho nyumba yawo, imene ili pamene kamtsinje ka Nolan kamathira mu Corbin, sinkasowa phokoso. Alendo ankaganiza kuti banja likutha mawa, koma mawa lakelo silinafike.

M'chigwamo muli chizolowezi. Dzuwa likayamba kuwawa, banja lililonse lokhala pafupi ndi kamtsinje limaunjika miyala kudula madzi kuti padikhe dziwe losambiramo. Mvula ikabwera imagumula, chaka chinacho amanganso. Ena amangoponya miyala chiponyeponye, koma a Wendell ankamanga khoma lawo ngati akumanga tchalitchi, pafupi penipeni ndi pamene Nolan amakumana ndi mtsinje waukulu. A Lorene akanyamula mwala kuti athandize, bamboyo ankautembenuza uku ndi uku n'kuuponya patchire.

"Imeneyi ndi mbatata, mayi, si mwala."

"Ndiye muphike mudye, nkhalamba inu."

M'dziwe limenelo ndi mmene mwana wawo mmodzi yekhayo, Twyla, anaphunzirira kusambira. Atakula anapita mutauni ya Redding n'kukhala namwino, ndipo kuyambira pamenepo nyimbo yake inali imodzi: makolo asamuke. Chaka china pa chikondwerero chothokoza, nkhukundembo ili patebulo, anaiyambanso.

"Adadi, kodi mudzachoka liti kutchire kuno? Chipatala kutali, foni kugwira mwa apo ndi apo, moto chaka chilichonse."

"Tidzachoka tsiku limene sitiluhedi zidzausiye mtsinje uno," anatero a Wendell pakamwa pali nyama. "Zikadzachoka, udzabwere ndi makatoni ako."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza. Patsire msuziwo."

Onse anaseka, chifukwa nthawi imeneyo kunena choncho kunali chimodzimodzi kunena kuti sitidzachoka.

Kenaka kunabwera moto. Unatsika kuchokera kum'mawa chilimwe china, n'kudya mapiri onse a tsidya ndi a kumtunda, n'kudzaima pawaya wa mpanda wa a Tackett ngati wakumbukira kanthu kwawo. Phiri la kuseri kwa nyumba, kumene Nolan amatumphuka pakasupe wa mumthunzi, linapulumuka. Koma mvula itagwa, mapiri opserera aja anatsikira mumtsinje, dothi, phulusa, zitsa ndi zonse. Dziwe la pamlatho wa Yocum, limene anthu ankalumphiramo kuchokera pamwamba, linakwiririka mpaka galu ankawoloka osanyowa mimba.

M'nyengo yozizira yomweyo a Wendell anagwa m'khitchini kapu ili m'manja. Inali sitiroko. Inawatengera dzanja lamanja, inawalemetsa mwendo wa mbali yomweyo, ndipo pa mawu onse amene bamboyo anali nawo, okwana kudzaza lole, inawasiyira amodzi okha: "Zamkutu." Akafuna madzi, zamkutu. Abusa atabwera kudzawapempherera, anawagwira dzanja mwachikondi n'kuwauza kuti zamkutu. Kulemba nakonso kunapita. A Lorene ankauza anthu kuti Mulungu ndi wanthabwala, wachotsa zonse n'kusiya chenicheni chimene mwamunayo anali. Ankaseka ponena zimenezi, koma m'bafa, mpopi uli wotsegula, ankalira.

Chilimwe chitayamba Twyla anabwera, nkhope yotopa ndi ntchito. Sanakalipe. Anakhala pakhonde n'kunena mofatsa kuti wapeza nyumba pafupi ndi kwake, yopanda masitepe, chipatala chili tsidya la msewu.

"Amayi, ine sindigona. Foni ikalira ndimati basi, ndi kumeneko. Adadi akagwanso muwanyamula ndi msana uti? Ndipo ananena okha. Mtsinje mwauona mmene ulili."

"Chilimwe sichinathe, mwanawe."

"Chabwino. Mpaka kumapeto kwa Ogasiti. Ikaoneka sitiluhedi ngakhale imodzi, yaikulu, yamoyo, nditseka pakamwa. Ikapanda kuoneka ndibwera ndi makatoni." Anatembenukira kwa bambo ake. "Si choncho, adadi? Munalonjeza."

A Wendell anayang'ana kumtsinje nthawi yaitali, kenaka anagwedeza mutu kuvomera. Chimenecho ndicho chinawaopsa a Lorene. Mwamuna ameneyu anali asanabwezepo mawu ake chibadwire, ndipo akanakwera galimoto ya Twyla osakokedwa. Nyumba ya ku Redding ija a Lorene anali ataiona pachithunzi. Windo lake limayang'ana khoma la sitolo ya matayala, ndipo ankadziwa mumtima kuti akakawakhazika a Wendell pawindo limenelo, Khirisimasi sakaiona.

Choncho anayambiranso msewu wawo wakale, opanda kalata ngakhale imodzi. M'mawa uliwonse, akawadyetsa amuna awo phala ndi kuwakhazika pakhonde, ankaliza galimoto n'kumaima paliponse pamene ankadziwa kuti pali dziwe. Madzi anali a mtundu wa khofi wothira mkaka, ndipo ukapisamo dzanja ankakhala ofunda. Anthu a m'chigwamo amene chaka chilichonse amavala magalasi osambirira n'kuyandama ndi mtsinje kuwerenga nsomba, chaka chimenecho analephera. A Burl Yocum, mwini sitolo ndi pampu ya petulo, amene amatsogolera gululo, anati m'madzimo munthu sangaone ngakhale dzanja lake.

"Ndiye zafa zonse?" anafunsa a Lorene, ataima pakauntala thukuta lili kamukamu.

"Akudziwa ndani, achemwali? Nsomba ikapsa imachita ngati ife tomwe, imasaka kozizira. Kayang'aneni pamene timitsinje timathira."

"Mukundiyesa mwana, a Burl? Ndazungulira konse. Tina tauma, tina tikutulutsa matope okhaokha. Mapiri ake alinso ndi mthunzi ngati?"

"Ndiye gulani ayisikilimu mudye. Mukuoneka ngati mwatuluka m'manda."

"Inu mukuoneka ngati mukulowamo. Thirani petulo ndizipita."

Za Nolan sanaziganizire n'komwe. Pa zaka zonse zimene anakhala pamenepo, sitiluhedi yaikulu inali isanalowepo m'kamtsinjeko chilimwe. Zinkalowa ndi mvula, khoma litagumuka kale. Chilimwe kwawo kunali kumaiwe akuya, ndipo a Lorene ankazisaka kumene anazisiya. Kunena zoona, mayiyu akatsimikiza chinthu, ngakhale mutamuika chikwangwani pamphuno sawerenga.

Tsiku lina anapeza imodzi pamchenga kumunsi kwa mlatho, mimba yoyera ili m'mwamba, akhwangwala atayamba kale maso. Anaikumbira kadzenje ndi nthambi n'kuikwirira, ndipo ali chikwiririre maganizo oipa anawafikira: kungomuimbira Twyla n'kunena kuti ndaiona. Kunamiza Twyla sikunali kovuta, foni siona nkhope. Koma pakhonde panali a Wendell, amene galimoto ikangoima ankawayang'ana m'maso, funso lakale lija lili pankhope. Amenewo sakanawanamiza. Ankangopukusa mutu n'kupitirira kulowa m'nyumba.

Masana, kutentha kukafika posauzana, ankatsikira ndi amuna awo kudziwe losambira lija. Khoma chaka chimenecho a Lorene anamanga okha, ndi wilibala ndi msana wawo wodwalawo, ndipo linali lokhota ngati msewu wa positi. Anamanganso chingwe kuchokera pakhonde mpaka kumadzi, mtengo ndi mtengo, kuti bamboyo azigwira ndi dzanja lamanzere. Ankawakhazika pamwala wafulati pafupi ndi khomalo, madzi m'chifuwa, nkhope yoyang'ana kumunsi, iwo n'kuima kumbuyo kuwagwira mapewa ndi kuwasisita mkono wakufawo. Madzi a Nolan amazizira mpaka mano kuwawa, ndipo kanthawi kameneko ndiko kokha kamene a Wendell ankaoneka ngati munthu amene thupi silikumulemera.

Chakumapeto kwa Julaye bamboyo anayamba khalidwe lachilendo. Akangokhala pansi ankatambasula mwendo wamanzere n'kuyamba kukankha mwala wa pakona, pafupi ndi msondodzi umene mizu yake imalendewera m'madzi kuseri kwa khoma. Ankakankha mpaka mwalawo kugubuduka, madzi n'kuyamba kuthawa.

"Aa! Mwayambatu. Ndikudziwa, ndi mbatata. Mangani lanu tione."

"Zamkutu!" anatero a Wendell, akuloza pakonapo.

"Zamkutu ndinu. Dzanja latsala limodzi koma kunyoza simunasiye."

Ankawakokera kumbuyo n'kubwezeretsa mwalawo. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. A Lorene sanadabwe nazo. Munthu amene wakhala akukunyozera miyala kuyambira uli mtsikana, akaloza khoma lako umadziwa chimene akunena, sufunsanso. Ndipo sanafunse. Anangoyamba kulimbitsa, kutseka mipata ndi timiyala, koma mumtima zinkawawawa kwambiri. Anamanga khomalo chifukwa cha bambo yemweyo, manja mpaka kuchita matuza, ndipo zikomo wake anali chidendene. Kuseri kwa khomako sankasuzumirako. Kunali minga ya mabulosi ndi nthambi za msondodzi, ndipo munthu woimirira sankaona kanthu koma kunyezimira kwa madzi.

Ogasiti anathamanga ngati watumidwa. Lachisanu lomaliza Twyla anaimba foni kuti afika m'mawa mwake ndi ngolo yokoka pagalimoto, anyamuka kusanatenthe. A Lorene anapita komaliza pamlatho wa Yocum, anaima padzuwa mpaka mutu unayamba kuzungulira, koma pansi panali matope ndi chitsa chopserera. Masana kudziwe a Wendell anatambasula mwendo monga mwa masiku onse, ndipo mtima wa a Lorene unaphulika.

"Ine ndikuthamanga mtsinje wonse, msana kuthyoka, kusaka nsomba zanu kuti musakafere pawindo la matayala. Inu ntchito kugumula! Lero lomaliza lomweli simungandipatse mtendere?"

Anakwera kunyumba, anakatenga lona wakale wofunditsira nkhuni, n'kumuyala pakonapo ndi kumutsindira ndi miyala ikuluikulu, kotero kuti ngakhale dontho silinadutsenso mbali ya msondodzi. A Wendell anakuwa mawu awo aja mwa mtundu umene a Lorene anali asanaumvepo, misozi ili mbwembwembwe. Mayiwo anati ndi mkwiyo wa munthu wogonja. Anakwera chingwe osayang'anana, chakudya chamadzulo bamboyo anachikankhira kumbali, ndipo a Lorene anakulunga mbale m'manyuzipepala mpaka tulo tinawagwetsa pampando.

Anadzidzimuka kutayera, khosi litauma. Pabedi panalibe munthu. Ndodo yoyendera ya a Wendell, ya miyendo inayi, panalibe, ndipo chitseko cha kukhonde chinali chotsegula. Ganizo linabwera limodzi lokha, lozizira: mwamuna uja wasankha madzi m'malo mwa Redding, ndipo mawu omaliza amene wamva kwa mkazi wake ndi aja a dzulo. Anathamanga opanda nsapato. Pakati pa njira anapeza ndodo ili gone, ndipo kuchokera pamenepo pafumbi panali mkwaso wa munthu wokhwekhwereza matako, kutsetsereka mpaka kumadzi. Anatsata mkwasowo.

A Wendell anali khale pamwala wawo wafulati, ndi zovala zogonera, msana uli chilili. Amoyo. Madzi anali atatsika mpaka m'chiuno, lona atakokeredwa kumbali, ndipo pakona panali mpata wokwana wilibala. Zala za kumanzere zinali magazi, milomo itachita bii ndi kuzizira. Chimwemwe chinawadzaza a Lorene, ndipo monga mwa chikhalidwe chawo chimwemwecho chinasanduka mkwiyo nthawi yomweyo. Anatsegula pakamwa kuti akalipe. Bamboyo ananyamula chala n'kuchiika pamilomo, kenaka analoza m'madzi.

Poyamba anangoona mithunzi mbali yakuya ya dziwe, pansi pa thanthwe. Kenaka mthunzi umodzi unagwedeza mchira. Zinali zitandandalika monga zinkachitira pamlatho, mitu yoloza kumtunda, misana yotuwa, mzere wofiirira m'mbali, pakamwa pakutseguka ndi kutseka mwapang'onopang'ono. Zina zinali ndi zilonda zoyera pamphuno. A Lorene ali chipenyere, ina inatulukira kumizu ya msondodzi, inalowa pampata paja mimba ikukhuza miyala, msana uli kunja kwa madzi, n'kudutsa mokhudza mwendo wakufa wa a Wendell, ulendo kukakhala pambali pa zinzake.

Apo m'pamene zonse zinawalowa m'mutu. Masabata onsewo nsombazo zinali kuseri kwa khoma, zitathawa kufunda kwa Corbin, zitapanikizana mumizu, mphuno pamiyala, kudalira timadzi tozizira tochucha m'mipata. A Wendell, pokhala pansi madzi m'chifuwa, ankaziona. A Lorene m'mawa ankazisaka mpaka kumathithi, masana n'kubwera kudzazitsekera khomo, ndipo dzulo anatsekanso ndi timadzi tomwe tinkazisunga. Manyazi anawagwira, koma sanakhalitse, chifukwa mpumulo unali waukulu kuposa manyaziwo. Analowa m'madzi ndi diresi lomwe, mosachita phokoso, n'kuwakumbatira amuna awo kuchokera kumbuyo. Thupi lonse linali ngati chitsulo cha m'mawa.

"Nkhalamba yopusa inu," ananong'ona. "Mukanafatu. Nanga bwanji osandiuza?"

A Wendell anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuwayang'ana. Anangowayang'ana basi, nsidze imodzi ili m'mwamba. A Lorene anabisa nkhope paphewa lonyowalo n'kuseka mosatulutsa mawu, mapewa akugwedezeka, mpaka kusekako kunasanduka kulira ndipo sanadziwenso kuti akuchita chiti.

Anawakokera pamtunda, pamene dzuwa linali litayamba kugwa, n'kuwafunditsa juzi yawo. Ali pomwepo anamva galimoto ikuima kumtunda, ngolo ikugwejemuka kumbuyo. Twyla anapeza nyumba yopanda anthu, chitseko chotsegula, ndodo panjira. Anatsika chingwe akuthamanga, nkhope itayera.

"Amayi! Mwapenga? Munthu wa sitiroko, m'mawa uno, zovala zonyowa..."

Makolo onse awiri ananyamula zala n'kuika pamilomo. Twyla anayang'ana kumene ankaloza. Anaima nji, dzanja pakamwa, kenaka anakhala pansi pamiyala ngati mwana.

"Unati imodzi," ananong'ona a Lorene. "Werenga wekha."

"Sindiwerenga." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Amayi, njira yonse ndimapemphera kuti ndiluze. Ndafika pamlatho ndaima, ndasuzumira, palibe kanthu. Ndalira mpaka pageti."

Unamwino sunachedwe kubwerera. Anawakweza bambo ake chingwe, anawavula zonyowa, anawakulunga m'mabulangete, anatsuka zala ndi kuzimanga, pakamwa posapuma. Anati chitseko chimenecho achimangirire belu, anati kuyambira lero palibe kutsika kumadzi opanda munthu, anati makatoni sabwerera nawo, awasiya m'galaja.

"Ndakupatsani mpaka chaka chamawa. Mwamva, adadi? Chaka chamawa tidzaonanso."

"Zamkutu," anatero a Wendell ali m'bulangete, mano akugundana, ndipo anamugwira tsaya ndi dzanja la mabandejilo.

Nkhani m'chigwa sichedwa. Masana omwewo a Burl anatseka sitolo n'kubwera, anagona chafufumimba pathanthwe kusuzumira m'dziwe, ndipo atadzuka maso anali ofiira. Sabata imeneyo anayenda khomo ndi khomo, kulikonse kumene kunatsala kamtsinje kozizira, ndipo anthu anachotsa miyala pang'ono pamakoma awo kusiya khomo. Koma a Burl sanaleke kuwaseka a Lorene. Mpaka lero akalowa m'sitolo amawalonjera kuti, "Afika alonda a pageti! Lero mwatsekera ndani, achemwali?" A Lorene amawauza kuti athire petulo asiye zaubwana, koma amanena akumwetulira.

Corbin sanayere chaka chimenecho, ndipo a Lorene si munthu wodzinamiza. Amadziwa kuti dziwe la pamlatho lidzatenga zaka kuti likumbike, kuti msana wawo sukubwerera kuutsikana, ndiponso kuti makatoni ali m'galaja. Koma mbale anazitulutsa m'manyuzipepala n'kuzibwezera m'kabati, imodzi imodzi, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi kamene sadziwa mawu ake onse. Mpata wa pakona sanautsekenso. Dziwe linakhala la m'chiuno, ndipo kusamba kunasanduka kuviika miyendo m'mphepete, kutali ndi mbali yakuya, kuti alendo asadzidzimuke. Anasiyanso kuima kumbuyo. Anagubuduza mwala wina n'kuuika pambali pa wafulati uja, mwala woipa ndithu, mbatata yeniyeni, ndipo amakhala pamenepo kuyang'ana kumene amuna awo akuyang'ana. Bamboyo akaloza chinthu, amayamba afunsa.

Madzulo ena a mu Seputembala, mitambo yoyamba itayamba kusonkhana kumadzulo, a Lorene anatsika okha kukachotsa lona uja pathengo. Anaima kanthawi pathanthwe, kenaka anakwera chingwe pang'onopang'ono, dzanja lina pamsana. A Wendell anali pakhonde ndi kapu yawo, maso ali panjira, funso lakale lija lili pankhope.

"Zilipo," anatero a Lorene akupuma mwawefuwefu. "Zakupatsani moni."

A Wendell anatsinzina maso kanthawi. Kenaka anamwa khofi wotsalayo, anakwinya nkhope monga amachitira chikwatirane, n'kutambasula kapu kupempha wina.